Ai Wopanda Y

Mu ofesi yathu yopereka zilolezo za zikwangwani munali mayi wina amene tonse tinkangoti a Taipi. Dzina lawo lenileni linalipo ndithu, linali pa fayilo, koma fayiloyo inali m'kabati imene kiyi wake palibe ankakumbuka kumene ali. Anagwira ntchito pamenepo zaka makumi atatu ndi chimodzi, pa tebulo limodzimodzilo, pansi pa windo losatseguka, pakati pa shelefu ya mafomu ndi khomo lolowera kwa Bwana Wamkulu. M'zaka zonsezo anataipa makalata otuma anthu ku misonkhano, ku maphunziro, ndi ku maulendo okaona mmene anzathu amakhomera zikwangwani m'mizinda ina. Mayina onse a mu ofesi anadutsa m'zala zawo, ena kambirimbiri. Lawo lokha silinalowepo m'kalata yotere ngakhale kamodzi. Sankadandaula pagulu, koma tinkadziwa chimene chinkawadya mumtima: ankafuna kuti asanapume pantchito boma liwatume kwinakwake, kulikonse, ndi kalata ya dzina lawo pamwamba ndi chidindo m'munsi. Pamene izi zinkachitika n'kuti atatsala ndi miyezi isanu.

Sukulu anailekeza panjira bambo awo atamwalira, ndipo malume awo anakawasiya pa kasukulu kotaipa kamene kanali pamwamba pa sitolo ya utoto. Mphunzitsi wa pamenepo ankaphimba manja a ophunzira ndi nsalu kuti asamaone mabatani, ndipo wophonya chilembo ankalandira rula pamfundo za zala. Motero Chingerezi a Taipi anachidziwira kuzala, osati kukamwa. Ankatha kulemba mawu a zilembo khumi ndi zinayi osaphonya, koma mlendo akawapatsa moni wa Chingerezi ankayang'ana pansi ngati agwetsa singano.

Sabata yawo yoyamba pantchito anakumana ndi mawu akuti forthwith m'makalata atatu otsatizana, ndipo analimba mtima kufunsa bwana wa nthawi imeneyo kuti amatanthauza chiyani.

"Inu taipani basi," anatero bwanayo. "Kumva ndi ntchito ya ena."

Mwezi utatha anagula dikishonale yothothoka chikuto kwa munthu woyala mabuku m'mbali mwa msewu. Anapeza kuti mawuwo amatanthauza nthawi yomweyo, osazengereza. Anaonanso kuti makalata okhala ndi mawu amenewa ndi amene ankagona nthawi yaitali m'thireyi asanasainidwe. Kuyambira pamenepo anatsegula kope: kumanzere mawu a Chingerezi, kumanja tanthauzo lake m'chinenero chathu. Litadzaza anagula lina. Pofika chaka chimene tikunenachi makope anali khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo ankakhala m'sutikesi pamwamba pa wadiropu, malo amene m'nyumba zina mumakhala zovala za ukwati.

Panalinso china chimene ankachita mwakachetechete. Mabwana ankabweretsa zolemba pamanja zodzaza masipelo opunduka, ndipo a Taipi ankawawongola osanena kanthu. Chilembo chosowa ankachibwezera, chongodziitana ankachichotsa. Chifukwa cha ichi mabwana asanu ndi awiri anapuma pantchito akukhulupirira kuti amadziwa kulemba, ndipo mmodzi anafika poyamikiridwa ku likulu chifukwa cha Chingerezi chake chaukhondo.

Makompyuta atabwera, ku likulu analamula kuti udindo wa wotaipa uthe. Kalata yothetsa ntchito yawo anaitaipa okha, bwinobwino, makope atatu, n'kuiika m'thireyi. Bwana woyenera kusaina anasamutsidwa sabata yomweyo, ndipo wolowa m'malo mwake anati sangasaine nkhani imene sanaiyambe. A Taipi anaphunzira kompyuta m'masabata awiri n'kupitiriza ntchito imene inali itatha, chifukwa mabwana, ngakhale aliyense anapatsidwa kompyuta yake, anaona kuti imagwira bwino ntchito yotsamiritsa mafayilo.

Masewera a mawu anafika mu ofesi kudzera pa semina. Akatswiri ena anabwera kudzatiphunzitsa kugwira ntchito mogwirizana, ndipo pochoka anatisiyira bokosi. Munali bolodi ya timabokosi, kathumba ka nsalu, ndi timatabwa zana, kalikonse kolembedwa chilembo chimodzi ndi nambala ya mapointi. Wosewera amapisa m'kathumba, n'kutenga zilembo zisanu ndi ziwiri, n'kumapanga mawu a Chingerezi molumikiza ndi amene ali kale pabolodi. A Sitolo, bambo wachikulire wosunga katundu wa ofesi, anamata nambala ya boma pabokosilo, ndipo ankalitulutsa hafu pasiti thwelofu n'kulibweza thu koloko. Chilembo K chitasowa analemba lipoti la masamba awiri n'kudula kakatoni kolowa m'malo. Kuyambira pamenepo aliyense wopisa m'kathumba ankamudziwa K ndi zala, n'kumamuzemba ngati mpongozi panjira.

Katswiri wa miyezi yoyambirira anali a Wachiwiri, wachiwiri kwa Bwana Wamkulu, munthu wa madigiri awiri, onse ali pakhoma. Ndi iwo anakhazikitsa lamulo loti woika mawu azinena tanthauzo lake. Ankafuna kuletsa dalaivala wathu, amene ankangosanja zilembo mwamwayi n'kumati, "Taonani m'buku, mwina alimo." Lamulolo linamugwiradi dalaivala, koma linatsegulanso khomo limene a Wachiwiri sanalione.

Tsiku lina wosewera mmodzi atapita kumaliro, anaitana a Taipi kuti angodzaza mpando. A Taipi anapukuta zala, anayang'ana zilembo zawo kwa kanthawi, n'kuika ADZE.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa a Wachiwiri.

"Kasemasema, bwana."

"Kasemasema ali ndi dzina la Chingerezi?"

"Azungu nawonso amasema, bwana."

Anatsegula dikishonale ya ofesi, n'kupeza kuti ndi zoona. Pasanathe mwezi tinali titaphunzira kuti GNU ndi nyumbu, kuti JIGGER ndi thekenya lija lolowa kuphazi, ndiponso kuti QUIRE ndi mulu wa mapepala makumi awiri ndi asanu, mawu amene a Sitolo anakhala akuwaona pa mafomu awo zaka zonse akumayesa dzina la kampani. Koma chimene chinkasautsa anthu kwambiri ndi timawu ta zilembo ziwiri, timene a Taipi ankatilowetsa m'mipata imene ife tinkaona ngati yatsekeka. JO ndi wokondedwa. XU ndi kakhobidi ka dziko lakutali. ZO ndi mwana wa ng'ombe wamba ndi ng'ombe ina yaubweya ya kumapiri ozizira. Tsiku lina anaika A awiri moyandikana.

"Aa!" anadabwa dalaivala.

"Eya, omwewo," anatero a Taipi. "Miyala yokhakhala ya chiphalaphala chouma."

Mawa lake anaika EE, n'kunena kuti ndi diso, malinga ndi mayankhulidwe a Azungu ena a kumpoto kwa kwawoko.

"Ndiye atibera ndi ee yemwe?" anatero dalaivala. "Titsala ndi chiyani ife, mayi?"

A Wachiwiri sankaseka nawo. Anayamba kupita ndi dikishonale ya ofesi kunyumba Lachisanu, atasaina fomu, ndipo kunena chilungamo anakhwima. Pofika chaka chachitatu pabolodi panatsala awiriwa. Enafe tinkangodzaza mipando.

Ndiyeno kunabwera sekula yochokera ku likulu. Kudzakhala mpikisano wa masewera a mawu wa maofesi onse a boma, masiku atatu, ndipo ofesi iliyonse itumize wosewera mmodzi. A Taipi ndi amene anaidinda kuti yalandiridwa, ndipo anaiwerenga kawiri asanaipititse mkati, zimene sankachita ndi masekula. Masana a tsiku lomwelo anagogoda kwa a Wachiwiri, n'kunena ataima pakhomo kuti akupempha kuti dzina lawo liganiziridwe.

"Ulendo wa ku likulu, mayi? Pa msinkhu wanuwu? Mukakomoka m'basi tidzalemba chiyani?"

"Mudzalemba kuti ndinakomoka ndili pa ntchito ya boma, bwana."

Nkhani inapita ku komiti ya zosangalatsa, imene wapampando wake anali a Wachiwiri ndipo mlembi wake anali a Sitolo. Komitiyo inakhazikitsa kakomiti koona za malamulo, kamene wapampando wake analinso a Wachiwiri. Patatha masabata awiri kakomitiko kanatulutsa malamulo khumi ndi limodzi. Awiri opambana asewere gemu imodzi, wopambana apite. Tanthauzo lizinenedwa m'Chingerezi, osati m'chinenero chathu, popeza ku likulu sitikapita kukatchula akasemasema. Wofunsidwa za mawu ake ayambe wawatchula mokweza, kenako anene tanthauzo. Woika mawu abodza wagonja pomwepo. Malamulo enawo anali okhudza kavalidwe ndi kakhalidwe ka mipando.

Aliyense anaona amene lamulo la Chingerezi linasokeredwa, monga mmene umadziwira mwini malaya poona muyeso. A Taipi anawataipa malamulowo, anakonza masipelo anayi, n'kupita kunyumba kukatsitsa sutikesi.

Amuna awo anali telala, ndipo makina awo anali pakhonde. Masabata atatu otsatira ankasoka dikishonale ili chitsegukire pamwamba pa nsalu za anthu, iwo akufunsa, akazi awo akuyankha kuchokera pampando wa pakhomo, maso ali chitsinzinire.

"Make mwana, Chingerezi chanu chikumveka ngati munthu akutsika masitepe ndi ndowa yodzaza."

"Inu ingoonani ngati mawu ali onse."

"Onse alipo. Koma akufika mmodzimmodzi ngati anthu a kumsonkhano wa makolo."

"Safuna kukoma, bambo. Afuna tanthauzo."

"Ine zaka makumi atatu ndimayesa m'sutikesi muja muli makalata a chibwenzi chakale. Bola akanakhala amenewo, ndikanadziwa womenyana naye."

A Taipi anaphunzira motero matanthauzo mazana angapo, liwu ndi liwu monga alili m'buku, mpaka ndi malo a koma. Buluku la kasitomala wina linatuluka mwendo umodzi wautali, ndipo a telala anamuuza mwini wake kuti vuto ndi kaimidwe.

Gemu inachitika Lachinayi masana m'chipinda cha misonkhano. Ofesi yonse inabwera, ndipo pakauntala anakolekapo kachikwangwani koti tibwera posachedwa, kamene kanalibe chilolezo. A Sitolo anakhala kumutu kwa tebulo ndi kope la maminitsi, ali mlembi, ali woweruza. Dikishonale ya ofesi inali yokiyidwa m'sitolo, chifukwa fomu yoitulutsira imasainidwa ndi a Wachiwiri, ndipo a Wachiwiri anati sikungakhale chilungamo kuti wosewera asaine.

Anasewera bwino onse awiri. A Wachiwiri anaika AGENDA n'kufotokoza tanthauzo lake kwa mphindi ziwiri, ndi zitsanzo. A Taipi ankaika mawu awo, kutsinzina, n'kulakatula tanthauzo ngati mwana wa sukulu pa tsiku la alendo, thukuta lili mbwee pamphumi. Sanaphonye ngakhale kamodzi. Itatsala pang'ono kukwana thu koloko m'kathumba munatha. A Wachiwiri anali patsogolo ndi mapointi asanu ndi awiri, koma anatsala ndi Q yekha, ndipo pabolodi panalibe pomuika. A Taipi anatsala ndi chilembo chimodzi, I. Pa masewerawa woyamba kumaliza zilembo amalandira mapointi a zilembo zotsalira m'manja mwa mnzake, ndipo Q ndi mapointi khumi. Masamu amenewa ngakhale dalaivala anawachita pamtima.

A Taipi anatenga I wawo n'kumuika m'munsi mwa A womaliza wa AGENDA. Kuwerenga chotsika panali AI.

A Wachiwiri anavula magalasi. "Mayi, ndikufunsani pamaso pa anthu onsewa. Mawu amenewa alipodi m'Chingerezi?"

Lamulo linkati wofunsidwa ayambe watchula mawuwo mokweza, ndipo a Taipi sanaphwanyepo lamulo chibadwire. Anawongola khosi n'kunena momveka bwino: "Ai."

"Mwamva nokha!" A Wachiwiri anaimirira. "Akuti ayi! A Sitolo, lembani. Ndawafunsa ngati alipo, ayankha okha kuti ayi. Ndikuthokoza mayi chifukwa cha chilungamo chanu, si onse angatero."

"Koma bwana," anatero dalaivala, "iwowo amatchula..."

"Iwe, galimoto watsuka?"

A Taipi anatsegula pakamwa kuti anene tanthauzo, koma a Wachiwiri anali akuyankhula, ndipo pa zaka makumi atatu ndi chimodzi iwo anali asanayankhulepo bwana akuyankhula. Anadikira kuti amalize. A Wachiwiri anayamikira komiti, kakomiti, akatswiri amene anasiya bokosi, ndi mzimu wa umodzi. Anamaliza thu koloko yeniyeni, a Sitolo atakokolera kale zilembo m'kathumba. Wina anafunsa ngati sitingaone m'dikishonale, ndipo anauzidwa kuti munthu akavomera yekha mlandu safunanso mboni. Ngati a Wachiwiri anamvadi ayi, kapena anangosankha kumva choncho, sitikudziwa. Khutu la munthu wa madigiri awiri limamva zambiri.

A Taipi anabwerera pa tebulo lawo n'kutaipa makalata asanu ndi limodzi okana zikwangwani za mabala. Sanalire. Anangoiwala kumwa tiyi.

Lachisanu madzulo a Sitolo anabweretsa maminitsi kuti ataipidwe. Maminitsi a komiti imeneyi ankalembedwa m'chinenero chathu, kuti alonda ndi osesa azimva akamawerengedwa. A Taipi anawerenga zolemba pamanjazo monga mwa nthawi zonse, pensulo ili m'manja yokonzera, ndipo anafika pa mzere wakuti: "Atafunsidwa ngati mawuwo alipodi, mayi anati ai." A Sitolo anaphunzira sukulu kale, nthawi imene anthu ambiri ankalemba ayi wopanda y, ndipo sanasinthe. Kwa zaka makumi awiri a Taipi ankamuikira y ameneyo, a Sitolo osadziwa. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anaika pensulo pansi, anatsekera kope m'dirowa, n'kupita kwawo.

Loweruka pakhonde a telala analusa kuposa mwini nkhani.

"Si inu mumataipa? Lembani kuti munapambana. Ndani amawerenga maminitsi?"

"Limenelo ndi bodza, bambo."

"Nanga mabodza a mabwana amene mwataipa zaka zonsezi?"

"Amenewo anali awo. Ine ndinkangowakonzera masipelo."

"Ndiye mutani, make mwana? Buluku la munthu ndinawononga chifukwa cha inu."

"Sindichita kanthu."

"Mwagonja?"

"Ndati sindichita kanthu. Ndikufuna ndione mmene zimakhalira."

Lolemba m'mawa anataipa maminitsi aja chilembo ndi chilembo monga analembera a Sitolo, ndipo atafika pa ai anamusiya ali wopanda y. Amati chala chawo chinapita chokha pa batanilo kawiri, n'kuchibweza. Anatengera pepalalo kwa a Sitolo, amene anasaina akuyankhula pafoni. Analitengera kwa a Wachiwiri, amene anasaina m'munsi mwa mawu oti izi ndi zoona zenizeni za zimene zinachitika, n'kudindapo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira m'sosala. Zitatero a Taipi anaika pepalalo m'fayilo, pamwamba pake n'kuikapo kalata yawo ya apilo ya mizere itatu, n'kulowa nazo kwa Bwana Wamkulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Bwana Wamkulu anali munthu wokhulupirira kuti chinthu sichinachitike mpaka chitalowa m'fayilo. Chaka china denga la ofesi yawo linadontha mwezi wathunthu, iwo akugwira ntchito ndi ambulera, koma anakana kuvomereza kuti likudontha mpaka lipoti litafika. Apilo yotaipidwa bwino, yokhala ndi nambala ya fayilo, inali kwa iwo ngati nyimbo. Anaitanitsa onse atatu Lachitatu teni koloko, ndipo enafe tinapeza zifukwa zoimira pafupi ndi khomo.

"A Wachiwiri, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bwana."

"Munawerenga musanasaine?"

Funso limeneli mu ofesi ya boma lili ndi yankho limodzi lokha. "Ndinawerenga, bwana."

"Chabwino. Mayi akuti lamulo linawauza kuti atchule mawu awo, ndipo anatchula. Mawu awo anali a, i. Apa palembedwa kuti mayi anati a, i. Ndiye vuto lili pati?"

"Bwana, tonse tinamva. Ananena kuti ayi, ayi wokana."

"Zimene munamva sizili m'fayilo. M'fayilo muli zimene mlembi analemba. A Sitolo, ayi wokana timalemba bwanji?"

A Sitolo anakanda kumutu. "Ife, bwana, mmene tinkaphunzira..."

"Musandiuze mmene munkaphunzira. Tibweretsereni maminitsi akale."

Anabweretsa mafayilo anayi onenepa. Bwana Wamkulu ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula. Anapeza ayi wa chaka chatha, pamene komiti inakana kugula ketulo: anali ndi y. Anapeza wa zaka zisanu zapitazo, pamene alonda anakanizidwa majombo: anali ndi y. Anapeza ayi makumi atatu ndi mphambu, chifukwa komiti yathu ndi yokana kwambiri, ndipo onse anali ndi y, onse ali ndi siginecha ya a Sitolo m'munsi.

"A Sitolo, taonani. Zaka makumi awiri simunalakwitsepo ayi ngakhale kamodzi. Ndiye kuti mumadziwa kulemba ayi. Ngati Lachinayi munalemba ai, ndiye kuti munamva ai. Kapena mukufuna kundiuza kuti mwayamba kulakwitsa?"

A Sitolo anayang'ana masamba aja, nkhope ikuwala pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa kuti ndi wa kubanja lachifumu. "Ndi zoona, bwana. Ine pa nkhani ya masipelo sindiphonya."

A Taipi ankayang'ana kalendala ya pakhoma.

Bwana Wamkulu anasaina okha fomu yotulutsira dikishonale. Itafika, anatsegula masamba oyambirira, chala chikutsika, n'kuima. "Alipo. Mayi, lamulo likuti tanthauzo m'Chingerezi."

A Taipi anatsinzina. "A three-toed sloth."

"Ndi momwemo palembedwa. Nanga chimenecho n'chiyani? Izi ndikufunsa kunja kwa maminitsi."

"Ndi nyama ya kunkhalango za kutsidya kwa nyanja, bwana, ya zala zitatu. Imakhala cholendewera panthambi, miyendo m'mwamba. Nthawi yambiri imagona. Ikati isunthe imasuntha pang'onopang'ono, moti mpaka ndere zimamera pa ubweya wake. Pansi imatsika kamodzi pa sabata."

Onse m'chipindamo anazolika. Ngakhale ife a pakhomo tinayang'ana nsapato zathu.

"Bwana," anatero a Wachiwiri, "mayiwa akutinena."

"Zala zanu ndi zingati, a Wachiwiri?"

"Zisanu, bwana."

"Ndiye si inu." Bwana Wamkulu anatenga cholembera chofiira, analemba m'mbali mwa apilo kuti yavomerezedwa, n'kulamula kuti kalata yotuma mayi ku likulu ikonzedwe lero lomwe.

Apa panabuka vuto lina. Malamulo a ntchito salola munthu kukonza kalata ya ulendo wake womwe, ndipo mu ofesi yathu ololedwa kukonza kalata pa pepala la mutu wa boma anali awiri okha: wotaipa, ndi wachiwiri kwa Bwana Wamkulu. A Wachiwiri anafunsa ngati lamuloli silingapumulitsidwe tsiku limodzi. Bwana Wamkulu anati lingapumulitsidwe, atalembera ku likulu.

Motero masana a tsiku limenelo a Wachiwiri anachotsa mafayilo pa kompyuta yawo, anapukuta fumbi ndi mpango wa m'thumba, n'kuyamba kusaka zilembo ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mapira pamchenga. A Taipi anaima kumbuyo kwawo, manja ali kumsana. Ndime yoyamba inatenga mphindi makumi anayi.

"Deti limakhala kumanja, bwana."

"Ndikudziwa."

"Mawu amenewo ali ndi m awiri."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira kale, bwana."

Atafika pa dzina a Wachiwiri anaima. Anatembenuka pang'ono, khutu litafiira, n'kufunsa chapansipansi kuti dzina lawo lonse ndi ndani. Anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi ziwiri. A Taipi analitchula, kenako analitchulanso chilembo ndi chilembo. A Wachiwiri analakwitsa kawiri.

"Pali h pamenepo, bwana. Samveka kwambiri, koma alipo."

Pepala lachitatu ndi limene linatuluka labwino. Bwana Wamkulu anasaina, chidindo chinagwa, ndipo popeza kalata ya boma siperekedwa pamanja chabe, inalowa m'buku la makalata otumizidwa, limene wosunga wake anali a Taipi. Analemba nambala yake m'danga la wotumiza, n'kusaina m'danga la wolandira. Kenako anakhala pampando wawo n'kuiwerenga kawiri, pang'onopang'ono, opanda pensulo m'manja.

Ku likulu anapita pa basi ya m'mawa, atavala suti ya buluu imene a telala anasoka osalakwitsa mwendo, popeza siketi ilibe miyendo. Sanakomoke. Pa osewera makumi anayi ndi awiri anakhala nambala leveni, ndipo ofesi yathu sinafikepo pamenepo pa chinthu china chilichonse. Amene anawatulutsa anali mtsikana wa yunifolomu wochokera ku ofesi ya zozimitsa moto, amene anatsitsa zilembo zonse zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi. A Taipi anati anamuyamikira, n'kumufunsa mwaulemu kuti mawuwo amatanthauza chiyani.

"Anati, 'Amama, ine ndingodziwa kuti ndi mapointi eyite-firii,'" anatifotokozera atabwera, akuvula nsapato pansi pa tebulo. "Ndinayang'ana woweruza kuti mwina anenapo kanthu. Anangondiuza kuti ndisamayankhule nthawi ikuyenda."